Kagalu Kokulungidwa m'Nsalu ya Sanda

Che Likwanya anafika kwa Shehe Mtalika dzuwa lili paliwombo, anthu atangomwazikana kuchoka ku swala, pemphero la masana. Anawapeza pakhonde akusoka mkeka wa mumzikiti umene unang'ambika m'mphepete. Ashehe amenewa, Allah awachitire chifundo, anaphunzira zaka zambiri kutali, koma ukawaona ndi singano m'manja ukanayesa ndi mlonda wa pamzikiti.

Nkhaniyi si ya m'maluwa ayi, ndinaimva kwa Che Likwanya eni ake. Iwowa ndiwo ankasambitsa maliro a amuna m'mudzi mwathu, kufupi ndi Ntaja. Mwamuna akangotsirizika, mawu oyamba ankakhala akuti, "Kaitaneni Che Likwanya." Koma maliro akatha, palibe ankawaitana. Mkazi wawo, Abiti Mponda, anamwalira kalekale, ndipo ana awo awiri anapita ku Joni, foni yawo n'kusiya kulowa. Ankakhala okha m'nyumba ya kumapeto kwa mudzi.

Atapatsana salamu, Ashehe anawalozera mpando, koma mlendoyo anakhala pansi.

"Ashehe, ndabwera kudzatula ntchito. Pezani wina wosambitsa maliro."

"Manja atopa kodi, Che Likwanya?"

"Manja ali bwino. Koma anthu akuti adetsedwa."

Ashehe anali atamva kale, poti pamudzi pathu nkhani imathamanga kuposa njinga ya kabaza. Komabe anati, "Za anthu ndazimva. Tsopano ndimve kwa inu."

Che Likwanya anayamba kufotokoza, maso ali pansi. Nthawi ya dzinja anapeza kagalu mu ngalande, konyowa, nthiti zokhazokha, nkhupa zili mbwee m'makutu. Anakatulutsa ndi mtengo, n'kukasiyira mkute paphale. Iwo amati kadye kazipita, koma kagaluko sikanapite.

"M'nyumba sikanalowemo, Ashehe. Kakandinyambita ndinkasamba kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga munatiphunzitsira. Dothi la pakhomo panga latha ndi kusamba. Ndikamapita kumanda kankanditsatira, n'kukhala panjira kundidikira. Ndikatsokomola m'nyumba, iko kankalira panja ngati kakufunsa. Dzana galimoto inakagunda pamsewu."

"Munakaswalira?"

"Astaghafirullah! Ayi, Ashehe."

"Munakaika kumanda a anthu?"

"Ayi. Kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa mpoza."

"Nanga za sanda zikumvekazi?"

"Pomang'amba sanda pamatsala tinsalu, tomwe ndimakulunga m'manja posambitsa. Ndinali nako kena katsopano. China choti ndikakutire nacho ndinalibe, ndiye ndinatenga komweko. Nditayamba kukwirira m'pamene ndinazindikira kuti ndakagoneka chakumanja, nkhope kuyang'ana ku Kibla, monga timagonekera Msilamu m'manda. Sindinaganize, Ashehe. Manja anangochita zomwe anazolowera. Mayi wina wodutsa anaona. Lero pamsika akuti Likwanya wasilamutsa galu. Che Bwanausi, mkulu uja wa m'mudzi muno, alengeza kuti maliro a pabanja pawo ndisadzawakhudzenso."

Anthu athu! Munthu wawasambitsira makolo awo onse, nthawi zina mitembo yoti eni ake akuithawa ndi fungo, koma pa kansalu kosakwana mpango anamugwetsa tsiku limodzi. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Ashehe anapitiriza kusoka, n'kuyankha mofatsa. "Nyama siswaliridwa, ndipo inu simunaswalire. Kukwirira chakufa n'kwabwino kuposa kuchisiyira akhwangwala pamsewu. Nsalu ndi nsalu, imakhala sanda ikakuta munthu. Malovu munasamba. Tchimo sindikuliona, ndipo Lachisanu ndidzanena zimenezi pamaso pa onse, Che Bwanausi ali pomwepo. Koma malamulo awa inu mukuwadziwa ngati ine ndemwe. Simunayendere zimenezi, Che Likwanya. Nenani chomwe chakubweretsani."

Patali pankamveka mayi wina akusinja. Kenako mkulu wosambitsa maliro uja, amene palibe anamuonapo akugwetsa msozi pamaliro aliwonse, anavula kofia kumutu n'kuphimba nayo nkhope.

"Ndikuchita manyazi, Ashehe. Abiti Mponda atamwalira ndinapirira, anthu n'kumanditama. Koma kagalu aka ndikulira ngati mwana. Nditakatola pamsewu paja, magalimoto ankangodutsa, anthu ankangodutsa, ndipo ine ndinadziona ndekha nditagona pamenepo. Amsinkhu anga onse ndawasambitsa ndi manja awa. Ndikamatembenuza munthu ndimamutembenuza pang'onopang'ono, ngati akumva. Nanga ine adzanditembenuza ndani? Ndikadzafera m'nyumba muja, oyamba kudziwa adzakhala ntchentche. Kagalu kaja ndiko kakanalira pakhomo mpaka anthu n'kubwera. Ndinkadalira iko, Ashehe. Munthu wamkulu ine, ndinkadalira galu. Tsopano ndikuopa imfa, ine amene ndakhala nayo moyo wanga wonse. Munthu wamantha chonchi asambitse bwanji anzake?"

Apa Ashehe anabaya singano pamkeka n'kuisiya. Anatsika pakhonde, n'kudzakhala pansi pafupi ndi mlendo wawo.

"Ndiloleni ndikufunseni, Che Likwanya. Kagaluko kanali ka yani?"

"Kanalibe mwini."

"Mayi wake munamuona?"

"Ayi."

"Dzina lake kanali ndani?"

"Sindinakapatse dzina. Ndinkaopa kukazolowera."

"Nanga m'dera lonse lino, amene amadziwa kukonza wakufa mwaulemu kuposa onse ndani?"

Che Likwanya anazengereza. "Anthu ankati ine."

"Sankanama," anatero Ashehe. "Taonani tsono. Kanthu kopanda mwini, kopanda mayi, kopanda dzina, kobadwira mu ngalande. Tsiku lake litakwana, Allah sanakasiye pamsewu. Anakatumizira munthu yemwe mafumu amafuna kuti adzawasambitse, ndi nsalu yatsopano m'manja. Iye amene anakumbukira kagalu, inu amene mwamugwadira moyo wanu wonse adzakuiwalani bwanji? Misozi yanuyo musachite nayo manyazi. Ina ndi ya kagalu, ina ndi ya Abiti Mponda yomwe munaisunga, ina ndi yanu. Wosambitsa woopa imfa ndi amene amagwira wakufa mwachifundo. Ntchito simutula. Ine ndine wamkulu kwa inu, ndipo manja omwe ndikufuna adzanditembenuze ndi omwewa."

"Nanga ndikatsogola ine, Ashehe? Adzadziwa ndani?"

"Ndidzadziwa ine. Kuyambira mawa, popita ku swala ya m'mawa ndizidzera kwanu. Mukayankha, tizipita limodzi. Tsiku lomwe simudzayankha, ndidzadzutsa mudzi wonse. Ntchito ya kagalu kaja ndaitenga ine, Che Likwanya. Kuuwa sinditha, koma kugogoda ndimatha."