Kabanzi Kaulere ka a Chotupitsa

Sitolo ya a Chotupitsa ndi akazi awo inali ya zipinda ziwiri. Chakumanja kunali uvuni, matumba a ufa ndi mashelefu a buledi. Chakumanzere mayi ankagulitsa kaunjika wa ana, wochapa ndi wosita bwino, madiresi ali pamahang'ala, tinsapato tili ndondondo pansi. Pakati panali chitseko chimene mayi ankafuna chizikhala chotseka. Bambowo dzina loti Chotupitsa analipata chifukwa ganizo likangolowa m'mutu mwawo linkafufuma mpaka kusefukira.

M'mawa wina mayi anapeza bambo atachizula chitseko chija, pansi atayala kapeti.

"Mayi a ana, kasitomala sabwera yekha," anatero bambo. "Kuyambira lero mwana aliyense wolowa muno azilandira kabanzi kopaka jamu, kaulere. Mwana akakoka, mayi ake atsatira, ndipo akatsatira agula."

"Bambo, munawaonapo manja a mwana amene wadya jamu?"

"Inu mumaona mdima dzuwa likuswa mtengo. Ana ndi dalitso."

"Chabwino. Dalitsolo muzikalisambitsa nokha."

Masiku oyamba zinayendadi. Amayi ankabwera ndi ana awo, kugula buledi, kusankha kamalaya kapena kajuzi, ndipo a Chotupitsa ankayenda chifuwa patsogolo ngati tambala. Koma mbiri ya chaulere ili ndi mapiko. Posakhalitsa ana anayamba kubwera okha, wina atabereka mng'ono wake, wina kulowa kawiri atatembenuza chipewa. Amayi nawo anatulukira nzeru. "Mundionereko kamwanaka, ndikubwera pompano," atero wina, n'kukakhala kusaluni mpaka tsitsi lonse litatha kulukidwa.

Chipinda cha zovala chinasanduka bwalo la chibisalirano. Mahang'ala anathyoka, nsapato zinasiyana ndi zinzake, ndipo panalibe diresi lopanda chidindo cha zala zisanu. Mayi anayamba kuchapa kawiri chovala chimodzi, mtima ukuwira.

"Bambo, lekani izi."

"Pirirani pang'ono. Ndi makasitomala a mawa amenewa."

"Nanga a lero tiwagulitsa chiyani?"

Panali namwino wina, kasitomala wawo wakalekale, amene ankagula buledi wa anzake onse akuntchito. Iyeyu anasankha diresi loyera la zingwe zonyezimira loti mwana wake akavale paukwati wa achimwene ake, napempha kuti alisite, adzalitenga Lachisanu akaweruka. Lachisanu litafika, mayi analisita mosamala, kulipachika pamwamba, kenaka n'kupita kukatenga belo latsopano la kaunjika.

"Diresilo, bambo. Maso anu akhale pamenepo."

"Pitani, ndine mwana ine?"

Masana amenewo anyamata awiri analimbirana kabanzi kamodzi mpaka kung'ambirana malaya. A Chotupitsa ali mkati moleretsa, khanda lina linayamba kulira, lina linagwetsa botolo la jamu. Fungo la chopserera litawafika m'mphuno, anathamangira kuuvuni n'kupeza buledi yense wasanduka makala. Akutuluka mu utsimo, misozi ili chuchuchu, anakumana maso ndi namwino ataima pakhomo, mayi ali pambuyo pake ndi belo lawo.

Onse awiri sankayang'ana bambowo. Ankayang'ana kamtsikana kena kamene kanali katakwera pampando, kutsitsa diresi lija n'kulivala, ndipo kankazungulirazungulira pakapeti mosangalala, jamu ali psuu kuyambira pakhosi mpaka m'mawondo.

"Ukwati ndi mawa," anatero namwino motsitsa mawu. "Mwana wanga ndimuuza chiyani?"

"Tichapa, mayi, tichapa pompano!" anatero a Chotupitsa.

Akazi awo sanakalipe. Analowa kuseri, nabwera ndi beseni ndi sopo, n'kuziika pamapazi pa amuna awo. A Chotupitsa anagwada pakhonde, epuloni ili m'chiuno, kufikisa diresi mpaka zala kuyera, anthu odutsa akuseka chakumbali. Banga silinachoke, linangofalikira. Namwino anadikira pang'ono, napukusa mutu n'kumapita, ndipo kuyambira tsiku limenelo iye ndi anzake onse anayamba kugula buledi kwina.

Ali chigwadire choncho, kamnyamata kena kanawakoka epuloni.

"Ankolo, ine sindinalandire kabanzi kanga."

A Chotupitsa anaponya sopo m'madzi. "Koma abale inu! Ine ndinkafuna makasitomala, osati chipwirikiti chotere!"

"Munawaitana nokha," anayankha mayi akumasula belo. "Mumayesa abwera atasiya manja kunyumba?"

Kabanzi kaulere kanathera pomwepo, koma ana sanamve msanga. Kwa milungu ingapo ankaunjikanabe pawindo, mphuno zili pagalasi, uku amayi awo akudandaula m'misewu kuti a Chotupitsa asanduka ouma manja. Bambowo ankangokanda ufa, atazindikira mochedwa kuti chimene munthu wachiitana chimabwera ndi katundu wake yense. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.