Denga la Nkhokwe ya Mwatitha

Ana inu, miyambi imene akulu amaponya pokamba nkhani sinagwe ndi mvula ayi. Uliwonse uli ndi kwawo, ndipo wa lerowu kwawo ndi pansi pa denga la nkhokwe.

Kalelo kunali bambo wina dzina lake Kanyumbu, munthu wamphamvu koma waliuma ngati chitsa cha muwanga. Iyeyu anali pa chikamwini kumudzi wakutali, ndipo kwawo anasiyako alongo ake awiri: Mwatitha, mayi wamasiye wa ana atatu, ndi mng'ono wake Ndaziona.

Chaka china Mwatitha anadwala, natumiza mawu oti mlongo wake adzamuone. Kanyumbu anati athe kaye kukolola. Atakolola anati athe kaye kututa. Uthenga wotsatira unali wa maliro, ndipo apa m'pamene Kanyumbu anapita.

Atameta, abale anagwirizana kuti ana apite kwa Ndaziona, tsidya la dambo, pamodzi ndi chimanga cha mayi awo. Analuka nkhokwe yatsopano, natutiramo chimangacho. Chotsala chinali kusamutsa denga la nkhokwe yakale, poti linali likadali lolimba. Ntchitoyi inali yachangu, chifukwa mitambo inali itayamba kudera kum'mawa, ndipo chimanga chikanavumbwa, ana aja akanagona ndi njala chaka chonse.

M'mawa wa tsikulo Kanyumbu analowa m'nyumba ya malemu kukatulutsa katundu. Anatulutsa mtondo, mphasa, malichero, ndi khasu lotha mpaka kukhala ngati chikhatho. Kenaka pa phaso anapezapo kamtolo ka fodya, kokulungidwa bwinobwino m'makoko a chimanga.

"Uyu ndi wa yani? Mwatitha sankasuta," anafunsa.

Ndaziona anazengereza, koma anayankha. "Anasungira inu, achimwene. Ankati mukabwera mudzanunkhize."

Mawuwo anamulasa Kanyumbu mumtima. Manyazi ndi chisoni zinamugwira, ndipo monga amachitira anthu aliuma, m'malo molira anakalipa. Sauzande, mwamuna wa Ndaziona, atafika ndi amuna ena kudzanyamula denga, Kanyumbu anawabweza onse.

"Pasapezeke wokhudza dengali! Ali moyo sindinamuchitire kanthu. Ichi chokha ndimuchitire ndekha."

"Alamu, denga si mtolo wa nkhuni," anatero Sauzande. Koma kuuza Kanyumbu kunali kutungira madzi m'dengu.

Anamasula luzi, nakankhira denga pansi. Anapinda nkhata yaikulu, nakwawira kunsi, naika mutu pakatikati. Anadzuka nalo ndithu, pakuti mphamvu anali nazo, ndipo anthu anaona denga likuyenda ndi miyendo iwiri, likudzandira ngati lamwa kachasu. Silinapite patali. Mphepo yotsogolera mvula itawomba, mawondo anapinda, ndipo denga lija linangoti phi! kumuvundikira mwini wake ngati nkhuku ya m'chitete.

Ena anafuna kuseka, koma kuseka kunawathera m'kamwa. M'kati mwa udzumo munkamveka kulira kwa munthu wamkulu, kulira kumene Kanyumbu anakumeza tsiku la maliro.

"Mwavulala, achimwene?" anafunsa Ndaziona atagwada pambali.

"Sindinavulale. Ndisiyeni momwemuno. Ndinamupha ndine mlongo wanga."

Ndaziona anakhala pansi, nayankhula ndi dengalo ngati akuyankhula ndi munthu. "Ngati munawapha ndinu, nanga ine? Ndinkawaona m'mawa uliwonse, n'kumati ndi malungo wamba, atha okha. Chiwaikireni m'manda, chakudya sichindikomera."

Sauzande naye anatsokomola. "Machila oti tiwanyamulire kuchipatala ndinachedwa nawo ndine. Ndinkadikira kuti dzuwa lizizire. Alamu, katunduyu aliyense wa ife wakhala akusenza payekha, n'chifukwa chake akutiphwanya makosi. Ndipo tikamalimbirana mlandu pano, chimanga cha ana chikunyowa."

Madontho oyamba anali atayambadi kugwa. Kenaka panatuluka dzanja kunsi kwa udzu wa denga lija.

"Nditukuleni," anatero Kanyumbu.

Amuna anathamanga, natukula denga, ndipo aliyense anapeza poika mutu wake. Kanyumbu sanachokemo, anangosendera kumbali kuti ena akwane. Anadabwa kuona kuti chinthu chimene chinamugwetsa chija tsopano chinali chopepuka ngati lichero. Anawoloka dambo mothamanga, amayi akulozera njira, ndipo pamene mvula inkakhuthuka, denga linali litakhala kale pa nkhokwe.

Atabisala pakhonde, Kanyumbu anayang'ana adzukulu ake aja, nati, "Ine sindidikiranso uthenga. Muzingondiona ndafika."

"Muzibwera, alamu," anatero Sauzande akuseka, "koma mwadzionera nokha kuti mutu umodzi susenza denga."

Mawuwo anthu anawatola, ndipo mpaka lero tikunenabe kuti mutu umodzi susenza denga. Tanthauzo lake n'lakuti pali akatundu ena amene munthu mmodzi sangawathe, ngakhale akhale wamphamvu chotani. Ambiri amaunena mwambiwu pa ntchito yamanja, koma katundu wolemera koposa ndi wamumtima. Chisoni kapena kudziimba mlandu zikakuvundikirani, musakhale momwemo nokha. Tulutsani dzanja, abale akutukuleni.