Zolinga Zitatu za Bambo Ajibu

Swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itatha, anthu akubalalika pa mzikiti wina ku Ntaja, Bambo Ajibu Chikwenga anatsalira. Anadikira mpaka Shehe Amidu Mtalika atakhala pamkeka pakhonde la madrasa, kenako anayandikira nakhala chapambali.

Bambo Ajibu anali mphunzitsi wa Sitandade 8 pa pulayimale yapafupi. Anali ataphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chaka chilichonse ana a m'kalasi mwawo ankasankhidwa kupita ku sekondale. Ali mwana anaphunzira alifu ndi baa, zilembo zoyamba za Chiarabu, pakhonde lomwelo, pamaso pa Shehe omwewo.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, aphunzitsi. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino, alihamudulila. Koma mtima wangawu ndiwo suli bwino."

Anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba la malaya, naliyala pamkekapo.

"Kusukulu kwathu kwabwera ahedi atsopano, mayi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi. Atipatsa mapepala awa kuti aliyense alembe zinthu zitatu zimene akufuna kuphunzira chaka chino kuti aziphunzitsa bwino. Ine ndinalemba kuti palibe, ndipo andibwezera kuti ndikaganizenso. Shehe, ana amene ndinawaphunzitsa ena ndi anamwino, wina ndi loya ku Blantyre. Lero ndizifunsidwa ngati wophunzira wa dzulo? Ndaganiza zopempha kuti andisamutse. Ndabwera kuti mundiuze ngati ndikulakwa."

Shehe anayang'ana pepalalo osalikhudza. Anali munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wosafulumira kuyankha.

"Za kusamuka sindingakuuzeni, aphunzitsi. Koma pepala ili ndikulisirira. Akanandipatsa ine, mzere woyamba ndikanalemba lero lomwe."

Bambo Ajibu anadabwa. "Inu, Shehe? Anthu amachokera ku Mangochi ndi ku Zomba kudzakufunsani inu. Chatsala n'chiyani choti muphunzire?"

"Ndikuuzani," anatero Shehe. "Mwezi wa Ramadhani utatha, bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje anabwera ndi mwana wake wamkazi, dzina lake Atweya. Mwanayo samva, ndipo salankhula. Bamboyo anati, 'Shehe, anzake onse amabwera kuno, iye amatsala pakhomo akulira. Mulandireni, angokhala nawo.' Ndinamulandira. Miyezi itatu anakhala pakona apo, akuyang'ana milomo yanga. Anzake akuwerenga, iye duu. Anzake akuweruka, iye n'kuweruka nawo. Ine ndinkadziuza kuti ndachita chifundo pomupatsa malo.

"Tsiku lina ndinamuona akutsanzira anzake kuswali kuseri kwa khoma. Ankawerama pamene enawo akuweramuka, osadziwa chimene akuchita, osadziwa Amene akumuweramira. Aphunzitsi, ndinachita manyazi. Zaka makumi asanu ndikuphunzitsa, koma zonse zimene ndikudziwa zinafika pa khutu la mwana ameneyu n'kubwerera."

"Nanga munatani?"

"Ndinafunsafunsa. Anandiuza kuti pamsika pali mayi wina wosoka zovala, Mayi Asiyatu, amene amadziwa kulankhula ndi manja chifukwa mchemwali wake samva. Mayi Asiyatuwo ndi msinkhu wa mdzukulu wanga. Ndinapita kukamupempha kuti andiphunzitse. Anachita mantha, anati, 'Shehe, ine ndingakuphunzitseni inu?' Ndinati, 'Pa ichi, shehe ndinu.' Tsopano Lachinayi lililonse ndimakwera kabaza, ndimakakhala pa benchi pafupi ndi makina ake. Zala zangazi zinauma, sizimva msanga. Akandionetsa lero, sabata yamawa ndaiwala."

Shehe anakweza manja awo okhwinyata, nayesa kupinda zala pang'onopang'ono, akuseka okha.

"Sabata yatha ndinkafuna kumuuza Atweya kuti asambe m'manja. Kaya ndinanena chiyani, mwana anaseka mpaka kugwa chagada. Kenako anagwira dzanja langa, nandikonzera zala. Imeneyo inali nthawi yoyamba kuti ine ndi iye tiuzane kanthu."

Bambo Ajibu anayang'ana pepala lija. Pamene analankhula, mawu awo anali atatsika.

"M'kalasi mwanga muli ana makumi asanu ndi anayi ndi mphambu zisanu ndi imodzi. Ndimakhazika anzeru kutsogolo, makumi awiri kapena kuposerapo pang'ono. Amenewo ndiwo ndimawafunsa mafunso, amenewo ndiwo ndimawachongera makope mosamala. Enawo ndimangoti bola asachite phokoso."

Bambo Ajibu anapitiriza.

"Panali mtsikana wina, Lukia, ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Teremu yatha anasiya kubwera. Ine ndinazindikira patapita masabata atatu, ndipo amene anandiuza ndi anzake. Nditatsegula kope limene anasiya m'desiki, ndinapeza kuti ankangojambula zilembo za pabolodi mmene zikuonekera. Sankatha kuwerenga, Shehe. Anafika Sitandade 8, anakhala pamaso panga miyezi isanu, ine osadziwa. Ndiponso ngakhale ndikanadziwa, sindikanamuthandiza. Kuphunzitsa mwana kuwerenga kuchokera pachiyambi sindikudziwa. Chiyambire ntchito ndakhala ku makalasi akuluakulu."

Anapukuta m'maso ndi chikhatho, nayang'ana kumbali.

"Nkhani imeneyi sindinauzepo munthu."

"Allah anali akuidziwa kale, ndipo Iye ndi wachifundo kuposa mmene ife timadzichitira chifundo," anatero Shehe mofatsa. "Lukiayo ali moyo?"

"Ali moyo. Ndimamuona akugulitsa tomato ndi mayi ake pamsewu."

"Ndiye khomo silinatsekeke. Nanga pasukulu panupo, amene amadziwa kuphunzitsa kuwerenga ndani?"

Bambo Ajibu anazengereza. "Ahedi omwewo. Akuti anaphunzitsa Sitandade 1 zaka zisanu ndi ziwiri."

Shehe anamwetulira, koma sanawaseke.

Bambo Ajibu anatola pepala lija, naliwongola pabondo. Anasolola cholembera m'thumba, koma dzanja linaima m'mwamba.

"Shehe, munandiphunzitsa chilembo changa choyamba. Ndiuzeninso lero. Ndilembe chiyani?"

Shehe anasendera pafupi, naika dzanja lawo paphewa la Bambo Ajibu monga ankachitira kalekale.

"Ajibu mwananga, pamzere woyamba lemba dzina la mwana amene nzeru zako sizinamufikire. Pamzere wachiwiri lemba chimene iwe ukusowa kuti umufikire, osati chimene iye akusowa. Pamzere wachitatu lemba dzina la munthu amene akuphunzitse, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwe, ndi tsiku limene ukagogode pakhomo pake. Ana ako akutsogolowo ndi dalitso, uzithokoza nawo, koma ambiri mwa iwo akanakhoza ngakhale ndi mphunzitsi wina. Ine chimene ndimaopa n'chakuti tsiku limene tidzaime pamaso pa Allah, ndidzafunsidwa za mwana amene analibe wina woti amutsegulire khomo koma ine ndekha."