Kalankhuleni ndi Mipando

Ofesi ya kazembe wa kadziko kena inali ya zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo ya nsapato, pafupi ndi likulu la bungwe la mayiko. Munkagwira anthu awiri basi: kazembeyo ndi mayi wina, wachiwiri wake. Chaka chimenecho kadzikoko kankafuna mpando m'komiti yogawa thandizo madzi akasefukira. Nduna ya kwawo inali itaneneratu pafoni kuti mpandowo ukaphonyeka, kazembe alongedze katundu azibwerako.

Kazembeyu anzake ankamutcha a Ndilipanjira, poti nthawi zonse amakhala akuthamangira phwando la dziko lina lalikulu. Munthu wake sanali woipa ayi, koma maso ake ankangoona m'mwamba.

Tsono m'holo ya misonkhano munali chizolowezi chonyansa. Mayiko olemera ankalankhula m'mawa, holo ili yodzaza. Timayiko tating'ono ankatipatsa nthawi ya nkhomaliro, anthu akuthamangira mbale.

Tsiku lina masana inakwana nthawi ya mkulu wina wa imvi, kazembe wa pachilumba, kuti afotokoze mmene nyanja ikudyera minda ndi manda a kwawo. Asanatsegule n'komwe pakamwa, anthu anayamba kutuluka ngati muli utsi.

"Tiyeni mayi, akuluakulu akudya kuseriku," anatero a Ndilipanjira. "Mavoti ali kumeneko."

"Bwana, ndiye bambowa alankhule ndi ndani?"

"Alankhule ndi mipando. Mipando sitopa."

Mayi uja anachita manyazi. Anatsala yekha kuseri kwa kachikwangwani ka dziko lake, m'mimba mukulira, mpaka mkuluyo anamaliza. Anaomba m'manja, holo yonse n'kumveka manja awiri okha. Kuyambira pamenepo sankachoka kadziko kalikonse kakamalankhula, ngakhale bwana wake ankamunena kuti akutaya nthawi ndi amphawi anzake.

Tsiku la chisankho linafika. Akuluakulu aja, amene ankasisita kazembe uja pamsana kumaphwando, anali atapangana kale zovotera wina. Zotsatira zoyamba zitatuluka, kadziko kaja kanali kumbuyo. A Ndilipanjira thukuta linatsika mpaka m'kolala. Anaganiza za ana ake omwe anali pakati pa sukulu, ndi mmene akawauzire mayi a kunyumba. Mantha anamugwira zenizeni.

Poti panalibe amene anakwanitsa mavoti ofunika, anati avotenso. Apa mkulu wa imvi uja ananyamuka ndi ndodo yake, n'kumayenda mzere ndi mzere, akunong'oneza akazembe a timayiko tinzake. Paja m'holo imeneyo, dziko likule kapena lichepe, voti yake ndi imodzi.

Atawerenganso, mpando unali wa kadziko kaja. A Ndilipanjira anangoti phwii pampando, mtima n'kukhala pansi. Kenako anapita kukagwira dzanja la mkuluyo kuti amuthokoze.

"Musandithokoze ine, achimwene," anatero mkuluyo akumwetulira. "Tsiku lija nditakweza maso, ndinaona dziko limodzi lokha likundimvera. Inu munali panjira."

Mawa lake nthawi ya nkhomaliro, kadziko kena ka kumapiri kakulankhula, m'holo munali anthu awiri kuseri kwa kachikwangwani kaja, mayi uja ndi bwana wake, bwanayo m'mimba mukumulira koopsa. Mayi uja anamupatsira bisiketi pansi pa tebulo.

Akulu akale sananame: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.