Hedi ya Pikapu Yofiira

Pakhomo pa a Msanga panali mapikapu awiri, onse osiya malemu bambo awo. Dzina la Msangali anawapatsa ndi anzawo onyamula katundu, chifukwa bamboyu tiyi ankamwa chiimirire, nsapato ankamanga ali kale pamsewu. Pikapu yoyera ndiyo inkadyetsa banja, kututa njerwa ndi mchenga kupita kwa omanga nyumba. Yofiira inagwera m'ngalande kalekale, n'kupindika msana. Inangokhala kuseri kwa nyumba yopanda matayala, koma injini yake inali yamoyo.

Tsiku lina yoyera inayamba kumwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe, kumbuyo ikufuka utsi woyera. A Msanga anapita nayo kugalaja. Makaniko wa pamenepo anali munthu wa pakamwa polusa, wosadziwa kunyengerera kasitomala. Anamasula hedi, chitsulo cholemera chija chimavundikira injini pamwamba, n'kuloza mng'alu wonga tsitsi.

"Yang'aluka iyi, bwana. Tiitanitse ina yolingana ndi nambala ya injini yanu. Mudikire masabata angapo."

"Masabata? Ana anga azidya masabatawo? Anthu akudikira njerwa kumene akumanga nyumba yosanja kuja. Ndikachedwa ntchito ipita kwa wina."

Ali chilankhulire anakumbukira yofiira. Kampani imodzi, mtundu umodzi, ngakhale kalilidwe kake kamodzimodzi. Anathamangira kunyumba, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atabwerera akukankha wilibala, hedi ya yofiira ili m'menemo.

Makaniko anaipukuta, n'kusanjikapo gasiketi ya injini yoyera, chopyapyala chija chimakhala pakati pa hedi ndi thunthu la injini. Mabowo a mabawuti onse anagwirizana. A Msanga anaseka.

"Mwaona? Pachibale izi!"

"Pachibale inde, sindikukana. Koma taonani kumbuyo kuno." Makaniko anagogoda ndi sipanala. "Yofiirayo ndi yakale, injini yake ndi yaing'ono. Akampani atapanga yaikuluyi anaboola njira ina ya madzi, kuti silinda yomalizira, chipinda cha moto chakumbuyo, izizizira. Pa gasiketi bowo lilipo, ili. Pa hedi yanuyi palibe. Pangoti gwa."

"Kabowo kamodzi ngati mphuno ya khoswe?"

"Tsekani mphuno yanu imodzi, musenze thumba la simenti, mukwere nalo phiri. Mudzandiuza."

"Booleni tsono."

"Ndiboole chiyani? M'katimo mulibe njira yoti madziwo adutse. Ngati mwathinidwa, bweretsani injini yonse ya yofiira ndiikemo. Muzinyamula theka la katundu mpaka hedi yeniyeni ifike."

Theka la katundu! A Msanga anamva ngati awatukwana. Kainjini kofooka kaja, kuyenda maulendo awiri pamene anzawo akuyenda umodzi? Anati makanikoyo wangofuna ntchito yaikulu kuti adyepo.

"Ntchito ndimaifuna," anatero makaniko akupukuta m'manja, "koma manda a injini sindikumba ine. Tengani zitsulo zanu."

Pikapu inakokedwa mpaka kunyumba. A Msanga anaitana mlamu wawo, wowotcherera mageti, amene za injini ankazidziwa ngati momwe mphaka amadziwira kusambira. Awiriwo anayala masipanala pa chiguduli n'kuyamba kumanga. Akazi awo a Msanga anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Abambo ake, mwini ntchito wakana. Inu umakaniko mwauphunzira liti? Ndi inu achimwene, geti ndi injini zinayamba liti kufanana?"

"Mayi, bawuti iliyonse yalowa yokha popanda kuikakamiza. Chitsulo sichinama."

"Chabwino. Koma galimotoyo ndi mphika wa ana. Mukauswa musadzandiyang'ane ine."

Ataliza, injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, kulira mosalala ngati yatsopano. Mlamu anavina. M'mawa mwake a Msanga anadutsa dala pagalaja paja akuliza hutala, mkono uli pawindo. Makaniko sanadzutse n'komwe mutu.

Masiku oyamba zinayenda. Maulendo anali afupi, msewu wosalala, katundu wa mchenga pang'ono. A Msanga ankayang'ana kamuvi koonetsa kutentha kwa injini, n'kumakaona kali pakati, phee. Chimene sankadziwa n'chakuti kamuviko kamamva kutentha kwa madzi a kutsogolo kwa injini. Za kumbuyo, kumene silinda yomalizira inkapsa yokhayokha, sikankazimva.

Kenaka linafika tsiku la njerwa. Anapakira mpaka masipuling'i kuwongoka, poti anafuna kubweza masiku amene anataya. Njira ya kunyumba yosanja ija inali ndi chitunda chachitali, ndipo dzuwa linali paliwombo. Pakati pa chitunda injini inayamba kugogoda chapansipansi, kho kho kho, mphamvu n'kumachepa. Munthu wina akanaima. A Msanga anayang'ana kamuvi, kali pakati, n'kuponda mafuta. Kugogoda kunakula. Kenaka kunamveka phokoso limodzi lokha, ngati nyundo yagwera pa chitsulo, basi zii. Anakoka handibuleki, n'kutsika kukaika miyala kumatayala. Fungo la oilo wopserera linali ponseponse.

Njerwa anazitsitsira m'lole ya munthu wina, ndipo ntchito ya nyumba yosanja inapita ndi loleyo. Pikapu inabwerera kugalaja pa chingwe.

Makaniko sanawaseke. Anamasula injini, n'kuwaitana kuti aone okha. Pisitoni yomalizira, chitsulo chokwera ndi kutsika m'silinda, inali itasungunuka m'mbali, n'kukanirira ku khoma la silinda. Thunthu la injini linali litang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Poyamba paja munkafuna hedi yokha. Lero mukufuna injini yonse."

A Msanga anati: "Nanga ija munanena ija? Ya yofiira? Ndibweretse, theka la katundu ndilolera."

Makaniko ananyamula hedi ya yofiira, n'kuigoneka pa tebulo lachitsulo. Inagwedera ngati mpando wa mwendo waufupi. Moto unali utaipinda.

"Ndiivundikire ndi chiyani? Mutu wake ndi uwu, mwauwotcha nokha."

Anabwerera kunyumba wapansi. Akazi awo anawaona akulowa pageti opanda galimoto. Anangolowa m'nyumba kukachotsa makina osokera pansi pa bedi, n'kuyamba kuwapukuta fumbi. Sabata yotsatira a Msanga anayamba kukwera kumbuyo kwa lole ya mnzawo, kupakira ndi kutsitsa njerwa ndi manja.

Aliyense amene anabereka amadziwa kuti ana a bere limodzi akhoza kufanana mphuno, mayendedwe ngakhale mawu, koma nsapato ya wina imam'tupitsa mnzake chala. Zitsulo nazo n'chimodzimodzi. A Msanga anawerenga mabawuti, n'kuiwala kufunsa za m'kati. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti m'mimba ndi m'chipala: motuluka khasu ndi momwemo motuluka nkhwangwa.