Mwezi Umene Frehiwot Anausesa

Frehiwot atabwerera kuntchito, mwana wake ali ndi miyezi inayi yokha, anapeza pampando wa Gash Wondimu palibe munthu. Mkuluyo anali atapuma pantchito. Asanaike n'komwe chikwama pansi, bwana wawo Weizero Aberash anamuitanira mu ofesi n'kumuuza kuti Mezgeb tsopano ali m'manja mwake.

Ofesi yawo, pansanjika yachitatu ku Megenagna mumzinda wa Addis, imalemba mapulogalamu a zipatala zing'onozing'ono. Anthu khumi ndi awiri akamalemba chinthu chimodzi, ena ali mu Addis momwemo ena ali ku Jimma, pamafunika wosunga mbiri: wasintha mzere uwu ndani, liti, ndipo unali wotani asanaukhudze. Wosunga mbiriyo ndiye Mezgeb, pulogalamu imene Gash Wondimu anailemba yekha n'kuilera zaka khumi ndi zisanu.

"Ndikukupatsa miyezi itatu," anatero Weizero Aberash. "Ena muno akuti mayi woyamwitsa thupi lili pano, mutu uli kunyumba. Undionetse kuti akunama."

Mawuwo anamukhala pachifuwa ngati mtondo. Munthu akatsokomola kumbuyo kwake, iye ankatembenuka. Awiri akaseka pamene amamwera khofi, ankadzifunsa ngati akuseka iyeyo. Foni ankaiika chafufumimba kuti asamaoneke akudikira uthenga wa apongozi ake amene ankatsala ndi mwana, komabe dzanja linkapita lokha kukaitembenuza.

Atatsegula m'mimba mwa Mezgeb anagwira pakamwa. Munali ngati chipinda cha munthu wosataya kanthu. Pakona ina anapeza mizere mazana anayi yokhala ndi mutu waufupi wakuti "za makina akale," m'munsi mwake manambala okhaokha opanda wofotokoza.

"Etiye, m'menemo musalowemo opanda nyali," anatero Zelalem, mnzake wa tebulo loyandikana amene ankamutchula choncho ngati mchemwali wake, akutafuna balere wokazinga. "Mdala uja ngakhale chitsekero cha botolo amasunga. Bwanji osangowaimbira? Nambala ndili nayo."

"Ndiwavutitsirenji munthu akupuma?"

"Akupuma chiyani, angokhala pakhonde kuwerenga mbuzi za eni ake."

Frehiwot anaseka nawo, koma mumtima anali atawerengera kale. Sabata yoyamba yomweyi aimbire nkhalamba kufunsa njira? Mawa lake nkhani ikanafika kwa Weizero Aberash itavala nsapato. Anayang'ana makompyuta onse a mu ofesimo, onse anali atsopano. Anachotsa mizere ija n'kuyendetsa mayeso onse amene Mezgeb amayesedwa nawo, ndipo palibe ngakhale amodzi amene anadandaula. Anayesanso kachiwiri, poti iye ndi munthu wobwerera pakhomo kukagwira loko ngati watsekadi. Zonse zinali bwino. Unali mwezi wa Hamle, mvula ikukhuthuka pamawindo.

Mezgeb anapepuka, anayamba kuthamanga ngati mwana wa ng'ombe. Weizero Aberash anamuyamikira pamaso pa onse. Hamle anatha, Nehase anadutsa, popanda chosokosa.

Kenaka panafika Pagume, kamwezi ka khumi ndi chitatu pa kalendala ya kwawoko, ka masiku asanu okha chaka chisanatembenuke. Tsiku loyamba lomwelo foni ya pa tebulo lake inalira. Anali Gemechu wa ku ofesi ya ku Jimma, amene kwa milungu itatu ankakonza ndandanda ya masiku a katemera wa ana, yoti ifike m'zipatala chaka chatsopano chisanalowe.

"Mlongo wanga, ntchito yanga mwaiika kuti?"

"Ntchito iti?"

"Ndatumiza m'mawa uno. Mezgeb wanena kuti walandira. Ndikuyang'ana pano, ndandanda ndi yakale yomwe ija."

"Mwina netiweki. Tumizaninso."

Anatumizanso. Mezgeb anati walandira. Frehiwot anayang'ana pamwamba pa mbiri, pamene zatsopano zimakhala, ndipo panalibe kanthu. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anapempha Zelalem kuti atumize kanthu kakang'ono, ndipo kanafika bwinobwino n'kukhala pamalo pake. Za mu Addis zikufika, za ku Jimma zikulowa pakhomo koma m'nyumba mulibe. Anaganizira magetsi, anaganizira mbava za pa intaneti, anaganiziranso kuti kapena Gemechu akudina polakwika koma akuchita manyazi kunena. Za mizere ija sizinamubwerere n'komwe. Chinthu chochotsedwa miyezi iwiri yapitayo chingalume bwanji lero?

Tsiku lachiwiri Gemechu anatumiza kachitatu, atasinthako pang'ono poganiza kuti vuto ndi lake. Masana ake Frehiwot, posowa poyang'ana, anatsika mbiri yonse mpaka pansi penipeni, kupitirira mzere woyamba umene Gash Wondimu analemba ofesi ikuyamba. Kumeneko anazipeza zonse zitatu zitagona mondondozana, zili ndi deti la chaka chimene ngakhale mayi ake a Gemechu anali asanakwatiwe.

"Zelalem, tabwera uone. Ndapenga ine kapena?"

Zelalem anasuzumira, n'kuimba mluzu. "Ndiye kuti Gemechu anayamba ntchito asanabadwe? Amuwonjezere malipiro ameneyu."

"Usaseke, ndakupempha."

Anaona tsopano chifukwa chake ndandanda sinkasintha: Mezgeb ankayesa ntchito ya Gemechu ndi yakalekale, n'kumaiphimba ndi imene ankaiona ngati yatsopano. Koma detilo linkachokera kuti? Anazichotsa pansipo n'kuziika pamwamba ndi manja, zinatsetserekanso. Mkaka unadontha n'kunyowetsa bulauzi, iye osazindikira mpaka mtsikana wa pa tebulo la kutsogolo atamupatsa mpango mwakachetechete.

M'mawa wa tsiku lachitatu Weizero Aberash anaima pambali pake, osakhala pansi.

"Zipatala makumi anayi zikudikira ndandanda imeneyi. Likamalowa dzuwa la mawa zisanatheke, makiyi a Mezgeb umupatse Zelalem."

Frehiwot anatuluka n'kukaima pamakwerero, pamene munthu sangamumve. Nambala ija anali atachita kuipempha kwa Zelalem, maso ali pansi. Foni inalira nthawi yaitali, ndipo itayankhidwa kunamveka phokoso la msika ndi kulira kwa nkhuku.

"Gashe, ndine Frehiwot. Pepani kukusokonezani."

"Mwana wanga! Khanda likukula? Taima, uyu akufuna kundigulitsa tambala wa chifuwa ngati wadya misomali. Iwe, ndati wofiira uyo! Eya, lankhula."

Anafotokoza zonse mosokonekera, za Jimma, za deti, za mayi ake a Gemechu.

"Lero ndi liti, mwana wanga?"

"Lachinayi."

"Ayi, pa mwezi."

"Pagume, pa atatu."

"Ehe. Pakona paja ndinalemba kuti za makina akale, pakadali?"

Frehiwot anagwira chitsulo cha makwerero. "Ndinachotsapo, Gashe. Mu Hamle."

"Ayii! Tamvera. Makompyuta awiri a ku Jimma aja ndi a m'nthawi yanga, amalemba masiku mwa kalendala yathu. Miyezi khumi ndi iwiri Mezgeb amaimasulira pa mizere ina, n'chifukwa chake unaona zonse zili bwino. Koma Pagume ndinachita kumusokerera padera, chaka chimene anatilumapo koyamba. Mizere imene ija imagona chaka chonse, imadzuka masiku asanu okha."

"Koma munalemba kuti akale!"

"Nanenso ndine wakale, koma si uyu ndikugula nkhuku? Ukanandiimbira, mphindi ziwiri zikanakwana. Ine ndimangokhala kuyang'ana foni ngati mkazi wa msilikali."

Mwayi wake, Mezgeb sataya kanthu, ngakhale chimene mwini wake wachitaya. Mizere ija inali m'mbiri, ndipo kuibwezera kunatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa khofi. Koma itangobwerera, ntchito zitatu za Gemechu zinadzuka pamodzi n'kuyamba kulimbirana malo, yomaliza ija yosiyana pang'ono ndi zinzake. Nkhani ya katemera wa ana siyolotera. Anachita kufananiza mzere ndi mzere pa foni, iye kuno Gemechu uko, Gemechu akuusa moyo pa mzere uliwonse. Dzuwa la mawa lija linalowa asanafike ndi pakati pomwe. Chaka chinatembenuka, anthu anapita kukadya nkhuku zawo, ndipo ndandanda inafika m'zipatala itachedwa ndi masiku anayi.

Atatsegulira ofesi, Weizero Aberash sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunawawa koposa. Makiyi a Mezgeb anapita kwa Zelalem. Frehiwot anauzidwa kuti azithandizabe, koma asachotse ngakhale kadontho popanda wina kuonapo.

"Musadandaule, Etiye," anatero Zelalem motsitsa mawu, nthabwala zitamuthera. "Inenso sindikanadziwa."

"Iwe ukanaimba foni," anayankha Frehiwot.

Anakhala pansi n'kuyang'ana mizere mazana anayi ija, imene mpaka tsopano theka lake sankalimvetsa. Anaopa kuoneka wosadziwa kwa mphindi ziwiri, n'kudzaoneka wosadziwa pamaso pa zipatala makumi anayi. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.