Njinga Yopanda Nambala

Pakhomo la mkulu wina wopenta magalimoto, kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungira katundu, pankapachikidwa njinga yakale yampikisano. Inali ya matayala opyapyala, zogwirira zopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, ndipo dzimbiri linali litaidya mpaka kufiira. Njingayo inali ya mkazi wake, namwino, amene anakula osawadziwa bambo ake. Mayi ake anapita kumanda atatseka pakamwa. Chokhacho chomwe anaulula n'chakuti mwini njingayo ndiye bambo ake, ndipo anaisiya tsiku lomwe anachoka osabweranso.

Tsiku lina namwinoyo anafika kunyumba nkhope ikuwala. Anali atamva za gogo wina wokonza njinga, amene anthu ankamutcha a Sipoko. Gogoyu ankasunga kaundula wa kalabu yakale ya okwera njinga, momwe munalembedwa mtundu wa njinga iliyonse, nambala yake, chaka chake ndi dzina la mwini wake.

"Bambo a mwana, akuti tipite nayo Loweruka akaione," anatero. "Mwina ndikamva dzina la bambo anga."

Mwamunayo ankamukonda mkazi wake, zimenezo sitingamunamizire. Vuto lake linali manyazi a mmisiri. Iye, munthu wowalitsa magalimoto a mabwana, akaonekere pamaso pa mmisiri mnzake ndi chitsulo chadzimbiri? Mkazi atangopita kuntchito, anaitsitsa njingayo n'kupita nayo kugalaja.

Wowotcherera zitsulo wa pagalajapo atamuona akulumikiza kumagetsi gulayinda, makina operera zitsulo, anakanda mutu.

"Achimwene, alamu akudziwa zimenezi? Bwanji muyambe mwafunsa a Sipokowo?"

"Zaka makumi awiri ndikupenta, lero ndikafunse womata machubu? Ikayera ndiye akaiona bwino."

Anagwira ntchito ndi mtima wonse. Kachizindikiro kamkuwa kakutsogolo anakagomola chifukwa kanali kobiriwira. Zilembo zofufutika za pafelemu anazipala ndi sandipepa. Pansi, pomwe pamazungulira mapedulo, anapeza timaenje tosalongosoka todzaza dzimbiri, ndipo anatipera mpaka pamalopo panasalala. Kachizindikiro kaja, magiya, mabuleki ndi chishalo anapatsa ogula zitsulo zakutha amene ankadutsa ndi ngolo, iye n'kuikamo zatsopano. Lachisanu njinga inali waliwali, yofiira ngati phwetekere.

Mkazi ataiona anaizungulira akuiyang'ana, chikwama chili m'manja. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu ngati inali yomwe ija, ndipo mwamunayo anavomera monyadira.

Loweruka a Sipoko anawalandira m'kashopu kawo kodzaza malimu a matayala opachika kudenga, kaundula ali kale patebulo. Ataona njingayo anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anaitembenuza miyendo m'mwamba, nayendetsa chala pansi pa felemu, kamodzi, kawiri, kachitatu.

"Nambala ili kuti, mwana wanga?"

"Nambala yanji, madala?" anafunsa wopentayo.

"Pano pankayenera kukhala nambala yodinda. Imeneyo ndiyo imatiuza chaka, ndiyonso ndikanaisaka m'bukumu. Nanga chizindikiro chakutsogolo? Magiya akale? Nawonso amakhala ndi tizilembo ta chaka kuseri kwake."

Wopentayo anayankha kuti zonse zinapita ndi ogula zitsulo. Gogoyo anakhala pansi ngati wamva uthenga wa maliro.

"Felemu yamtunduwu inkapangidwa ndi makampani ambiri, kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. M'bukumu muli mayina opitirira mazana atatu, mayi. Ndingakunamizeni ndikaloza limodzi."

"Ndiye kuti dzina lawo lilimo?" anafunsa namwinoyo.

"Liyenera kuti lilimo."

Mayiyo anatsegula kaundulayo n'kuyamba kuwerenga mayina limodzilimodzi, ngati kuti lina limuyankha. Pa tsamba lachitatu misozi inamutchinga, ndipo anatseka bukulo. Mwamuna uja anathamanga mpaka kumalo ogula zitsulo, koma anapeza kuti lole inanyamula mulu wonse Lachinayi kupita kokasungunula.

Anabwerera kunyumba akukankha njinga yokongola kuposa zonse mumsewumo, mkazi wake ali patsogolo, osacheuka. Funso limodzi lokha likanamupatsa mayiyo bambo ake, koma mmisiri anaona kuti kufunsa n'kudzitsitsa. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.